Si duwa lililonse loyera lili jasmine: zoyenera kudziwa ogulitsa mbande

M'mbali mwa misewu ikuluikulu ya ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, nazale za maluwa zikuchulukirachulukira. Machubu akuda amandandalikidwa pamthunzi, ndipo eni magalimoto amaima n'kumafunsa za kapinga, maluwa a mpanda ndi mbande za zipatso. Pakati pa ofunsawo sipalephera kupezeka wina wofuna chinthu chimodzi chokha: duwa loti madzulo akakhala pakhonde, pakhomo ponse pazimveka kafungo kabwino. Dzina limene ambiri amatchula ndi jasmine.

Apa ndi pamene malonda amakomera ena n'kuwawira ena. Dzina loti jasmine anthu amaitanira zomera zambiri zosiyana mtundu. Zina ndi jasmine weniweni wonunkhira, zina ndi jasmine weniweni koma wopanda fungo, ndipo zina sizili n'komwe pachibale ndi jasmine, mwinanso zili ndi poizoni. Kawirikawiri wogula amalipira mbande ilibe duwa ngakhale limodzi, kutanthauza kuti chimene wagula ndi mawu a wogulitsa. Pakatha miyezi ingapo duwalo n'kumasula lopanda fungo, kasitomalayo sabweranso, ndipo amauza anzake a kuntchito ndi a kumpingo. Mbuzi ya pakhomo ikadya masamba a chomera cholakwika, kapena mwana akatola zipatso zake, nkhani imakula kuposa kungobweza ndalama.

Zizindikiro zitatu za jasmine weniweni

Jasmine weniweni ndi wa gulu la zomera lotchedwa Jasminum. Gululi lili ndi mitundu pafupifupi 200, yambiri yochokera ku Asia ndi ku Africa, ndipo lili pachibale ndi mtengo wa maolivi. Wopikula mbande angathe kumuzindikira ali chiimire panazale pomwepo.

Choyamba ndi masamba. Pa mitundu yoyera yonunkhira imene imagulitsidwa, masamba amamera awiriawiri moyang'anizana pamfundo imodzi, nthawi zina atatu. Chomera chimene masamba ake akumera motayana, lina kuno lina kutsogolo mbali inayo, n'chofunika kuchikayikira.

Chachiwiri ndi utomoni. Tsamba la jasmine likathyoledwa silitulutsa utomoni woyera ngati mkaka. Pakatuluka mkaka, ameneyo si jasmine.

Chachitatu ndi duwa lenileni. Kumunsi kwake kuli kampope kowonda, ndipo kampopeko kakang'ambidwa ndi chikhadabo, mkati mumapezeka timitu ta mungu tiwiri tokha. Zomera zambiri zonamizira jasmine zili ndi tisanu kapena kuposerapo. Jasmine akabereka, zipatso zake zimakhala zazing'ono, zakuda zikapsa.

Mitundu imene ili ndi ndalama

Mtundu woyamba kuuganizira ndi Jasminum sambac, umene m'manazale umadziwika kuti Arabian jasmine ngakhale kwawo ndi kumadera a India. Masamba ake ndi osagawikana, obulungira ngati dzira, ndipo amakula ngati chitsamba choyanga pang'ono. Maluwa ake ndi oyera mbee, amamasula madzulo, ndipo fungo lake limakhala lamphamvu usiku wonse. Ndiye duwa la fuko la dziko la Philippines kuyambira mu 1934, kumene amalitcha sampaguita, ndiponso ndiye amene ku China amanunkhiritsira masamba a tiyi. Ubwino wake pamalonda ndi wakuti kumalo otentha amamasula mobwerezabwereza miyezi yambiri pachaka, ndipo amakhala bwino mumphika wa pakhonde.

Sambac ali ndi maonekedwe atatu odziwika, ndipo wogulitsa wowasiyanitsa amadziwanso kusiyanitsa mitengo yogulitsira. Maid of Orleans ali ndi duwa la mzere umodzi wa timasamba, amakula msanga, amagwira mizu mosavuta ndipo amamasula kawirikawiri. Belle of India ali ndi timasamba ta duwa tatitali, tosongoka. Grand Duke of Tuscany ali ndi duwa lothithikana ngati karozi kakang'ono, masamba ake nthawi zambiri amakhala atatu pamfundo, koma amakula pang'onopang'ono ndipo amavuta kugwira mizu. Chifukwa cha kuvutako, Grand Duke sayenera kugulitsidwa pa mtengo wofanana ndi wa Maid of Orleans.

Mtundu wachiwiri ndi Jasminum grandiflorum, wotchedwa Spanish jasmine kapena Royal jasmine. Tsamba lake ndi logawikana timasamba ting'onoting'ono mbali ndi mbali, ngati nthenga. Duwa lake ndi lokulirapo, la timasamba tisanu totayana, ndipo kunsi kwake kumakhala kofiirira pang'ono. Uyu ndiye wa mafuta a perefyumu. Amalimidwa ku Grasse m'dziko la France, koma gawo lalikulu la mafutawa limachokera ku Egypt ndi ku India, kumene anthu amathyola maluwa ndi manja usiku kapena m'bandakucha. Kuti akwane kilogalamu imodzi pamafunika maluwa zikwizikwi, n'chifukwa chake mafuta ake ndi odula. Wachibale wake wapafupi, Jasminum officinale, amafanana naye kwambiri, kungoti duwa lake ndi locheperako ndipo amapirira kuzizira. Onse awiri amayanga, choncho amafuna mpanda kapena thandala loti akwerepo.

Mtundu wachitatu ndi Jasminum polyanthum wochokera ku China. Amadziwika ndi maluwa ake amene akakhala asanamasule amaoneka apinki, ndipo akamasula amayera n'kuphimba chomera chonse. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe amamasula cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, kuzizira kukamatha. Amamasula kamodzi pachaka, ndipo amafuna usiku wozizira kuti abereke maluwa. Wogula ayenera kuuzidwa zimenezi, komanso kuti akasiyidwa osadulira amayanga mpaka kuphimba mitengo ina. Ku Australia ndi ku New Zealand anafalikira m'tchire mpaka kusanduka vuto.

Africa nayenso ali ndi jasmine wake. Jasminum fluminense amamera yekha m'tchire ndi m'mphepete mwa mitsinje m'maiko ambiri, kuphatikizapo m'dziko muno. Tsamba lake lili ndi timasamba titatu, maluwa ndi oyera onunkhira, ndipo mbalame zimafalitsa njere zake. Jasminum multipartitum wa ku South Africa ndi Mozambique ali ndi duwa lalikulu looneka ngati nyenyezi, la timasamba tambiri towonda. Mitundu imeneyi ikakhazikika imapirira chilala kuposa sambac, ndipo ndi yoyenera makasitomala amene madzi amawavuta.

Okongola koma opanda fungo

Pali jasmine weniweni amene sangakondweretse wofuna fungo. Jasminum mesnyi ali ndi maluwa achikasu owala, nthambi zake zili ndi ngodya zinayi ndipo zimalendewera pansi. Ndi wabwino kubisira chipupa, koma fungo lake ndi lochepa kwambiri, mwinanso palibe. Jasminum multiflorum amafanana ndi sambac pomuonera patali, ndipo amamasula maluwa oyera ambirimbiri pamalo amodzi. Kusiyana kwake kuli pa masamba ndi nthambi zanthete, zimene zili ndi ubweya wofewa womveka pokhudza ndi chala. Nayenso fungo lake ndi lofooka. Onsewa angagulitsidwe bwinobwino, bola wogula auziretu kuti akugula kukongola, osati kununkhira.

Onamizira jasmine

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chomera chofunika kuchenjera nacho kwambiri ndi Cestrum nocturnum, chimene ena amachitcha night jasmine kapena queen of the night. Chimenechi ndi cha banja la fodya, matimati ndi mbatatesi, ndipo kwawo ndi ku Central America ndi zilumba za West Indies. Masamba ake ndi aatali, omera motayana, ndipo akafikisidwa amanunkha. Maluwa ake ndi timipope tating'ono toyera mobiriwirako, ndipo zipatso zake ndi zoyera. Usiku fungo lake limafika kutali, koma ndi laukali moti anthu ena mutu umawapweteka, ena chifuwa chimawabanika. Chomera chonsecho chili ndi poizoni, ndipo mitundu ina ya Cestrum imapha ng'ombe kum'mwera kwa Africa kuno. Chimagwira mizu mosavuta, n'chifukwa chake chimadzaza m'manazale. Sichiyenera kugulitsidwa kwa munthu woweta mbuzi kapena wokhala ndi ana aang'ono popanda kumuchenjeza, ndiponso sichiyenera kubzalidwa pansi pa zenera la chipinda chogona.

China ndi Trachelospermum jasminoides, chodziwika kuti star jasmine. Masamba ake amameradi awiriawiri, ndi olimba ndi onyezimira, koma akathyoledwa amatulutsa mkaka umene umayabwitsa khungu la anthu ena. Timasamba ta duwa lake ndi topotoka ngati zopukusa mphepo. Ndi chomera chabwino, chonunkhira ndithu, choyenera kuyanga pampanda, koma maluwa ake si othira mu tiyi.

Palinso Murraya paniculata, wotchedwa orange jasmine, wa banja la malalanje ndi mandimu. Ndi kamtengo kodulira mpanda, maluwa ake amanunkhira ngati a lalanje ndipo zipatso zake ndi zofiira. Gelsemium sempervirens, wa maluwa achikasu ooneka ngati belu, amamutcha Carolina jasmine, ndipo poizoni wake ndi woopsa kwa anthu ndi ziweto zomwe. Chilichonse mwa zomerazi chili ndi dzina lake, ndipo chigulitsidwe ndi dzina lomwelo.

Mtundu uliwonse ndi dera lake

Wogulitsa wanzeru amayamba wafunsa kumene mbande ikupita. Sambac amakonda kutentha, choncho amachita bwino kumadera monga Salima, Mangochi, Nkhotakota, Karonga ndi Chikwawa, bola madzi othirira akhalepo. Ku Lilongwe ndi Blantyre amakula bwino, koma mu Juni ndi Julayi amaima, maluwa n'kuchepa. Kumalo ozizira monga Dedza, Mzuzu ndi pamwamba pa phiri la Zomba, polyanthum ndi officinale ndi amene amasangalala, pamene sambac amafuna kuikidwa pafupi ndi chipupa chowombedwa dzuwa, kopanda mphepo. Kugulitsa polyanthum kwa munthu wa ku Nsanje n'kumugulitsa masamba okhaokha.

Kachulukitsidwe kake

Jasmine wa malonda sachulukitsidwa ndi njere koma ndi nthambi. Sambac sabereka njere kawirikawiri, ndipo nthambi imatsimikiza kuti mbande idzafanana ndi kholo lake. Motero chuma choyamba cha nazale ndi makholo angapo odziwika bwino, amene mwini wake anawaona atamasula ndi kuwanunkhiza yekha.

Nthambi yoyenera ndi imene yayamba kukhwima koma sinaume, osati yanthete ya kunsonga kapena yakale ya kutsinde. Idulidwe m'mawa ndi mpeni wakuthwa ndi woyera, kutalika masentimita 10 mpaka 15, yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi, ndipo podula pakhale kunsi pang'ono kwa mfundo. Masamba am'munsi achotsedwe, kutsale awiri okha pamwamba. Maluwa alionse amene ali pa nthambiyo achotsedwenso, chifukwa amalanda mphamvu yofunika ku mizu.

Dothi la m'chubu likhale losakaniza mchenga wa kumtsinje, dothi la pamwamba ndi manyowa owolerana bwino, kuti madzi asamaime. Mfundo ziwiri zikwiririke. Machubu akhale pamthunzi wowala, ndipo botolo la pulasitiki lodulidwa kunsi likavundikiridwa pamwamba limasunga chinyezi. Nyengo yofunda mizu imatuluka pakatha masabata 4 mpaka 8. Mphukira zikaoneka sizitanthauza kuti mizu yagwira, ndipo ambiri amaluza apa pothamangira kugulitsa. Mizu ikayamba kuonekera kunsi kwa chubu, mbandeyo izoloweretsedwe dzuwa pang'onopang'ono kwa masabata awiri isanapite pamsika.

Kwa Grand Duke ndi mitundu ina yovuta, njira yodalirika ndi yokwirira nthambi ikadali pa kholo lake. Nthambi yaitali iweramitsidwe pansi, ipalidwe khungwa pang'ono pafupi ndi mfundo, ikwiriridwe n'kutsamiritsidwa mwala, nsonga yake itatulukira kunja. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu imakhala ndi mizu yake, ndipo imadulidwa n'kuikidwa m'chubu. Njirayi imatulutsa mbande zochepa, koma zakufa zimakhalanso zochepa.

Nthawi ndi yofunika kuiwerengera. Anthu ambiri amagula mbande mvula ikayamba, ndipo nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Nthambi zoikidwa mu Sepitembala zimakhala zokonzeka pofika Disembala kapena Januwale, ngakhale zimadya madzi ambiri m'chilimwe. Zoikidwa mu Febuluwale ndi Malichi zimagwira bwino chifukwa cha chinyezi, ndipo podzafika dzinja lotsatira zimakhala zazikulu, zamaluwa, zoyenera mtengo wokwera. M'miyezi yozizira mizu imachedwa ndipo nthambi zambiri zimawola.

Kasamalidwe

Jasmine amafuna dzuwa la maola pafupifupi 6 patsiku. Pamthunzi amabiriwira bwino koma maluwa amasowa. Dzenje likhale masentimita 45 kuya ndi kutambalala komwe, lothira manyowa, ndipo sambac atalikirane mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Madzi akhale okwanira koma osadikha, chifukwa mizu ikakhala m'matope imawola.

Cholakwa chofala ndi kuthira feteleza wa Urea kapena CAN wambiri. Feteleza ameneyu amakulitsa masamba, maluwa n'kuchepa. Manyowa a khola owolerana kapena kompositi, kuthira kawiri kapena katatu pachaka, amakwanira pakhomo. Phulusa lambiri nalonso limasokoneza dothi, ndipo masamba anthete amasanduka achikasu mitsempha yokha itatsala yobiriwira.

Kudulira kumasiyana ndi mtundu. Sambac amabereka maluwa pa mphukira zatsopano, choncho kumudulira nyengo yozizira ikamatha kumabweretsa maluwa ambiri kukayamba kutentha. Polyanthum amadulidwa akangomaliza kumasula. Akadulidwa mu Meyi kapena Juni, maluwa a chaka chimenecho amapita ndi mpeni.

Tizirombo tovutitsa ndi nsabwe za m'masamba, ntchentche zoyera, kodikodi, kangaude wofiira wa nyengo yotentha ndi mbozi zoboola maluwa asanamasule. Kuyang'ana kunsi kwa masamba sabata iliyonse, kuchotsa maluwa oboola ndi kupopera madzi a sopo pang'ono kapena a nimu madzulo kumathandiza vuto lisanakule. Mbande yodwala ichotsedwe pakati pa zinzake. Maluwa opoperedwa mankhwala a m'sitolo asagulitsidwe kwa wofuna kuthira mu tiyi.

Malonda a maluwa othyola

Kupatula mbande, maluwa enieniwo ndi malonda, ndipo maiko ena ali ndi phunziro pankhaniyi. Ku Madurai, kum'mwera kwa India, sambac amathyoledwa m'mawa kwambiri asanamasule, n'kugulitsidwa pa kilogalamu pamsika wa maluwa. Amayi amawatunga pa ulusi n'kumagulitsa poyeza ndi mkono, kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala. Mtengo wake umakwera nthawi ya maukwati ndi zikondwerero, ndiponso nyengo yozizira pamene maluwa achepa. Jasmine wa ku Madurai anatetezedwa dzina lake ndi boma la India mu 2013. Ku Tunisia ogulitsa amayenda ndi timitolo totchedwa machmoum, timene abambo amapachika kukhutu. Ku Mombasa, Lamu ndi Zanzibar amayi amamanga kikuba, kamtolo ka maluwa onunkhira kovala paukwati.

Konseku malamulo ndi amodzimodzi. Duwa limathyoledwa litakula ndi kuyera koma likadali lofumbata, kuti likamasulire m'manja mwa wogula madzulo. Limasungidwa pozizira, lokutidwa ndi nsalu yonyowa, losapanikizidwa. Moyo wake ndi wa tsiku limodzi, mawa lake limayamba kuda. Choncho m'dziko muno, kumene msika wa maluwa othyola ukadali waung'ono, wamalonda ayambe wapeza oda asanathyole. Okongoletsa maukwati ndi zinkhoswe, malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, ndi mabanja ochokera ku India a ku Limbe ndi Lilongwe, amene amagwiritsa ntchito maluwa popemphera ndi pa chikondwerero cha Diwali mu Okutobala kapena Novembala, ndi anthu oyenera kuwafikira ndi maluwa ochepa oti aone. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Duwa lothyola popanda wogula ndi la mphepo.

Kuika mtengo ndi kusunga mbiri

Poika mtengo, wogulitsa awerengere machubu, manyowa, madzi, thiransipoti, chiphaso cha pamsika ndi nthawi yake. Ndalama zonsezo zigawidwe pa mbande zimene zapulumuka, osati zimene zinabzalidwa. Mwachitsanzo, ngati anaika nthambi 100 n'kugwira 60, zowonongedwa zonse zigawidwe pa 60, kenako phindu liwonjezedwe pamwamba. Wogawa pa 100 amadya mpamba osadziwa.

Mbande imene ili ndi duwa imadzigulitsa yokha. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi kholo limodzi lamaluwa mumphika waukulu kutsogolo kwa nazale, losagulitsa, kapena kambale ka maluwa othyola koti makasitomala anunkhize. Sambac amatulutsa fungo lake madzulo, nthawi yomwe anthu akuweruka kuntchito, choncho wotseka msanga amaphonya nthawi yabwino ya malonda.

Chubu chilichonse chikhale ndi dzina. Kachidutswa kodulidwa ku chigubu cha pulasitiki choyera, kolembedwa ndi pensulo, kamakhalitsa padzuwa kuposa kolembedwa ndi inki. Mitundu isasakanizidwe pamzere umodzi, chifukwa mbande zikakhala zazing'ono ngakhale mwini wake amasokonezeka. Popikula kwa ena, wogulitsa apemphe kuona kholo limene nthambi zinadulidwako, ndipo mbande yosadziwika isungidwe kumbuyo mpaka itamasula.

Pomaliza malonda, wogula auzidwe zinthu zinayi: dzina la mtunduwo, nyengo imene umamasula, dzuwa limene umafuna, ndiponso ngati pali choopsa kwa ana ndi ziweto. Kufotokozaku sikutenga mphindi ziwiri. Wogula amene duwa lake lanunkhira monga anauzidwira amabwera kudzagula lina, ndipo alendo ake akafunsa kumene analipeza, amawalozera nazale yomweyo.